Mayi Ethelwynn Trewavas, Mphunzitsi Amene Adawerenga Mano a Nsomba za M'nyanja ya Malawi

Munthu wokhala ku Chinguluwe sachita kupita kunyanja kuti akadziwe kuti nsomba sizifanana. Ogulitsa nsomba amatulukira okha pa njinga kuchokera kugombe, dengu lili pambuyo, ndipo mayi wogula ndiwo amasiyanitsa utaka ndi kambuzi, mcheni ndi chisawasawa, osafunsa munthu. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti nsomba zinayi zimenezi, pamodzi ndi ndunduma wa m'madzi akuya ndi mbuna za m'miyala, zidachokera kwa kholo limodzi, ndiponso kuti sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi kupatula m'nyanja ya Malawi ndi m'madzi oyandikana nayo. Akatswiri amazitcha nsomba za fuko la cichlid. Chambo nachonso ndi cha fuko lomweli, ngakhale kuti chidalowa m'nyanjayi kudzera ku nthambi ina. Usipa, mpasa, kampango ndi mlamba ndi za mafuko ena.

Amene adayamba kulongosola bwino chibale cha nsomba zimenezi adali mayi wa ku Mangalande, dzina lawo Ethelwynn Trewavas. Ntchitoyi adaiyamba asanaione nyanjayo ndi maso, ndipo adaigwira zaka zoposa makumi asanu.

Mayi Trewavas adabadwa pa 5 November 1900 ku Penzance, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere m'chigawo cha Cornwall. Adaphunzira za sayansi ku koleji ya ku Reading, ndipo m'chaka cha 1921 adatuluka ndi digiri pamodzi ndi setifiketi ya uphunzitsi. Masiku amenewo mtsikana wophunzira sayansi njira yake idali imodzi, ndiyo ya choko ndi bolodi, kotero iwonso adakhala zaka zingapo akuphunzitsa ana. M'chaka cha 1925 adapeza ntchito yothandiza kuphunzitsa pa koleji ina ya ku London, ndipo nthawi yotsala ankaithera pofufuza timafupa ta pakhosi pa achule, tija timathandiza chule kulira. Anthu ambiri akadaiona ngati ntchito yachabechabe. Koma ndi achule amenewa amene adawaphunzitsa kuyang'anitsitsa fupa laling'ono mpaka liulule chibale cha mwini wake, ndipo ndi iwo amene adawapezetsa digiri ya udokotala wa sayansi ku yunivesite ya London m'chaka cha 1934.

Pofunafuna achule oti awayeze, ankapita kawirikawiri ku British Museum, ku nthambi yosunga zinthu zachilengedwe. Kumeneko adakumana ndi Charles Tate Regan, katswiri wa nsomba amene adali mkulu wa nyumbayo, ndipo m'chaka cha 1928 Regan adawatenga kuti akhale womuthandiza. Adayamba ndi nsomba za pansi penipeni pa nyanja zamchere, zimene sitima ya ku Denmark yotchedwa Dana idakola. Pambuyo pake ndi pamene adawalozera mabotolo ochokera ku Nyasaland.

Nsomba za m'nyanja ya Malawi zidali zitayamba kale kufika ku London. David Livingstone adafika panyanjayi mu September 1859, ndipo mnzake wa paulendo, John Kirk, adatumiza zikopa zouma za nsomba zingapo, zimene Albert Günther adazipatsa mayina m'chaka cha 1864. Regan naye m'chaka cha 1922 adalemba za mitundu ya cichlid yoposa 80. Koma katundu wamkulu adabwera ndi Cuthbert Christy, amene adayenda panyanjayi m'zaka za 1925 ndi 1926 natola nsomba zikwi zingapo. Christy adamwalira ku Congo m'chaka cha 1932, ntchito yolongosola nsomba zake isanathe.

Nsomba ikakhala zaka zambiri m'mankhwala, maonekedwe ake onse amasuluka. Yobiriwira, yachikasu ndi yamawangamawanga zonse zimangokhala zotuwa ngati phulusa. Tsono Mayi Trewavas adatsala ndi zinthu zowerenga ndi zoyeza basi: mamba a m'mbali, minga ya chipsepse cha pamsana, kukula kwa diso poyerekeza ndi mutu, ndipo koposa zonse, mano. Nsomba za fuko limeneli zili ndi nsagwada ziwiri. Ina ndi ya pakamwa imene aliyense amaiona. Ina ili pakhosi, ndipo amene amadya mutu wa chambo mosamala amakapeza kafupa kake ka ngodya zitatu, kokhala ndi timano tambirimbiri. Nsagwada ya pakamwa imagwira chakudya, ya pakhosi imapera. Kafupa kameneka ankakatulutsa m'nsomba iliyonse nakayang'ana pa maikulosikopu. Ka nsomba yodya nkhono kamakhala ndi mano obulungira ngati miyala yoperera, ka nsomba yodya nsomba zinzake kamakhala ndi mano akuthwa opindikira m'kati, pamene ka nsomba yodya ndere kamakhala ndi timano tosalala ngati mswachi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'chaka cha 1935, chaka chimene njanji idafika ku Salima, iwo adasindikiza mndandanda wa nsomba za cichlid za m'nyanjayi. Mudali mitundu yoposa 170, ndipo yambiri mwa iyo idali isanalembedwepo ndi wina aliyense. M'chaka chomwecho adalembedwa ntchito yokhazikika pa British Museum.

Mndandandawo udadzutsa funso lovuta. Pafupifupi mitundu yonseyo idali ya m'nyanja imodzi yokhayi. Mano ndi milomo zidali zosiyana kwambiri, koma mafupa a m'mutu ndi a msana ankafanana monga amafanira ana a mimba imodzi. Zidatheka bwanji?

Mbali ina ya yankho idali itaperekedwa kale ndi Charles Darwin, amene buku lake lofotokoza chiyambi cha mitundu ya zamoyo lidatuluka mu November 1859, patangopita miyezi iwiri Livingstone ataiona nyanjayi. Ganizo la Darwin silovuta. Zamoyo zimabereka ana ochuluka kuposa amene angakule. Anawo safanana ndendende, ndipo kusiyana kwina amakupatsira kwa ana awo. Pakati pa miyala pamene chakudya chake ndi ndere zomatirira, nsomba imene kukamwa kwake kwapendekekera pansi pang'ono imakhuta msanga, imakula, imaswana, pamene inzake ikufa ndi njala kapena kudyedwa isanakhwime. Zikachitika chomwechi mibadwo zikwi ndi zikwi, zidzukulu zake zimakhala ndi kukamwa kosiyana ndi kwa abale awo amene adatsala pamchenga. Chilengedwe chimapeta monga amapetera mayi pa lichero, kungosiyana poti pano palibe dzanja logwira licherolo, palibenso cholinga. Chopeta ndi njala, adani, matenda ndi kusankha kwa zazikazi.

Chimene Darwin sadachidziwe ndi gwero la kusiyana kwa anawo, pakuti lichero silipanga chimanga, limangosankha pa chimene chathiridwapo. Izi zidadziwika pang'onopang'ono m'nthawi ya moyo wa Mayi Trewavas. M'chaka chimene iwo adabadwa, ntchito ya Gregor Mendel yoonetsa mmene makhalidwe amayendera kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana idatulukiranso poyera itaiwalika zaka zoposa makumi atatu. M'chaka cha 1953 kudadziwika mpangidwe wa DNA, ulusi wa m'maselo umene malangizo omangira thupi adalembedwamo ndi zilembo zinayi zokha. Zigawo za ulusi umenewu ndi zimene zimatchedwa majini (awerengi a kunyanja asawasokoneze ndi majini aja amagwira anthu). Pamene nsomba ikupanga mazira kapena mbewu yaumuna, ulusiwo umakoperedwa, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa chimene chimachitika ana akamakopera notsi kwa anzawo: pena chilembo chimaphonyeka, wotsatira nkukopera chophonyekacho. DNA ya nsomba zimenezi ili ndi zilembo pafupifupi biliyoni imodzi, ndipo kansomba kalikonse kamabadwa ndi zilembo zochepa, kawirikawiri zosafika khumi, zimene sizili mwa atate kapena mwa amake. Zambiri sizisintha kanthu, zina zimavulaza, ndipo mwa apo ndi apo chimodzi chimathandiza. Kuphonyako sikuyang'ana chimene nsomba ikusowa, kumangochitika.

Nyanja yeniyeniyo adaiona m'chaka cha 1939. Boma la Atsamunda lidali litatumiza gulu la Dr. B. S. Platt kukafufuza kadyedwe ka anthu m'midzi ya m'boma la Kota Kota, ndipo padaoneka kuti nkhani ya ndiwo siingathe popanda kudziwa za nsomba. Adatumidwa anthu atatu: Mayi Trewavas, Kate Ricardo amene pambuyo pake adadzatchedwa Bertram, ndi H. J. H. Borley. Adayenda m'madoko, nayeza nsomba za m'makoka, natumbula matumbo kuti aone zimene zidadya. Kwa Mayi Trewavas idali nthawi yoyamba kuona zamoyo nsomba zimene adazidziwa zili zotuwa m'mabotolo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idabuka chaka chomwecho, ndipo lipoti lawo lidatuluka m'chaka cha 1942.

Paulendowu adaphunzira chinthu china kwa asodzi. Mabuku a ku London ankasonkhanitsa chambo pa dzina limodzi, koma asodzi ankachitcha mayina osiyanasiyana malinga ndi mutu wake, mtundu wa yaimuna, ndi nyengo imene chimaswana. Atayeza mafupa a pakhosi adapeza kuti asodziwo sankalakwa. M'chaka cha 1941 adalengeza mitundu iwiri yatsopano ya chambo. Wina adautcha karongae, potengera dzina la Karonga. Wina, wa mutu waukulu, wokonda madzi akuya a kumwera kwa nyanja, adausiyira dzina lomwe asodzi ankautchula, lidole. Ntchito ya chamboyi adaipitiriza Rosemary Lowe, mtsikana amene adabwera ku Nyasaland m'chaka cha 1945 atalangizidwa ndi Mayi Trewavas. Nkhani yake siidali ya mayina chabe. Ngati mitundu ya chambo imaswana miyezi yosiyana ndi malo osiyana, lamulo lotseka nyanja liyenera kudziwa kuti likuteteza mtundu uti.

M'chaka cha 1947 adalemba kankhani kakafupi m'magazini ya Nature, kamene mpaka lero kamaonetsa bwino mmene chilengedwe chimapetera. Pali nsomba ina yotchedwa Corematodus shiranus imene siili m'banja la chambo, koma maonekedwe ake ndi mizere ya m'mbali mwake ndi ya chambo chachikazi. Imasambira m'kati mwa gulu la chambo ngati mmodzi wa iwo. Kukamwa kwake kuli mizere yambiri ya timano tonga tupa, ndipo m'mimba mwake mumapezeka timamba ta kumchira kwa chambo. Imayandikira mnzakeyo kumbuyo, kumugwira mchira, nkupala mamba. Palibe nsomba imene idakhala pansi nkuganiza zovala malaya a chambo. Kungoti mwa makolo ake, imene inkafananako ndi chambo inkayandikira osathawidwa, nkukhuta, nkusiya ana. Imene inkaoneka yachilendo inkagona ndi njala. Kaligono naye, nsomba ija imagona chammbali pamchenga ngati yafa kudikira tiana ta nsomba tobwera kudzajompha, adafika pamenepo mwa njira yomweyo.

Anthu a ku Salima ali ndi chitsanzo pakhomo. Pafupi ndi gombe lawo pali zilumba za Maleri, Namalenje ndi Mbenji, ndipo pakati pa zilumbazi pali mchenga ndi madzi akuya amene mbuna siziwoloka kawirikawiri, pakuti ndi nsomba zokakamira pamiyala pamene zidabadwira. Zazikazi zimafungatira mazira m'kamwa mpaka ana atakula ndithu, kotero palibe mazira oyandama amene mafunde angawatengere kutali. Chilumba chilichonse chimakhala ngati mudzi wa anthu okwatirana okhaokha. Kuphonya kwa chilembo kochitikira ku Mbenji kumakhala ku Mbenji komweko, ndipo zazikazi za kumeneko zikamakonda yaimuna ya mawanga akutiakuti, pakapita nthawi sizimuzindikiranso mlendo wa ku Maleri. N'chifukwa chake pa Mbenji pali mbuna zina zosapezeka pena paliponse. Mbali iyi ya nkhani munthu wa mabotolo sakadaiona. Adaiona ndi achinyamata amene adawatsatira, monga Geoffrey Fryer amene adafufuza mbuna za ku Nkhata Bay, natengera dzina loti mbuna kwa asodzi a Chitonga. M'chaka cha 1956 Fryer adatcha mbuna ina ya mphuno yolendewera Labeotropheus trewavasae, powalemekeza mayiwa.

Kukwera kwawo pantchito kudali kwa pang'onopang'ono. Adakhala wachiwiri kwa mkulu wa nthambi ya zinyama m'chaka cha 1958, kutangotsala zaka zitatu kuti apume. Tiyenera kukumbukira kuti adalowa ntchito pa nthawi imene boma la Britain linkachotsa mkazi pantchito akangokwatiwa, lamulo limene lidatha m'chaka cha 1946. Adapuma m'chaka cha 1961, koma kupumako kudali kwa pa pepala pokha. M'chaka cha 1970, ali ndi zaka pafupifupi 70, adapita ku Cameroon kukafufuza nsomba za m'kanyanja ka Barombi Mbo. M'chaka cha 1983 adatulutsa buku lalikulu la nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba za mu Africa yense, mmene adazigawa potsata kaleredwe ka ana: zoikira mazira pansi nkumazilondera adazisiya m'banja la Tilapia, ndipo zimene yaikazi yokha imafungatira m'kamwa adaziika m'banja la Oreochromis. Alimi a nsomba ambiri adanyinyirika poona dzina limene adalizolowera likusinthidwa, koma lero wophunzira aliyense wa za usodzi amalemba chambo kuti Oreochromis. Yunivesite ya Stirling idawapatsa digiri yaulemu m'chaka cha 1986.

Buku lawo lotsiriza la nsomba za m'dziko muno adalemba ndi David Eccles, amene adagwira ntchito yofufuza za nsomba ku Monkey Bay zaka zambiri, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1989. M'menemo adakonza ntchito yawo yomwe ya 1935. Mitundu yochuluka imene adaiunjika kale m'banja limodzi la Haplochromis adaigawa m'mabanja atsopano, makamaka potsata mizere ndi madontho a pathupi: utaka udakhala Copadichromis, kaligono adakhala Nimbochromis. Si akatswiri ambiri amene amafika zaka 88 akadali ndi mtima wogumula nyumba imene adamanga okha.

Maso awo adayamba kuchita chidima. Ataona kuti sangathenso kuwerenga timano tija, adapereka maikulosikopu yawo kwa Ad Konings, mnyamata wa ku Netherlands amene ankajambula nsomba za m'nyanja ya Malawi pansi pa madzi. Adamwalira pa 16 August 1993 ali ndi zaka 92. Adakhala moyo mpaka kumva kuti ofufuza oyamba kuyerekeza DNA ya nsombazi, m'chaka cha 1990, adapeza kuti chibale chake ndi chapafupi kuposa mmene mano ankaonetsera.

Zotsala zidabwera iwo atapita. Chiwerengero cha mitundu ya cichlid m'nyanjayi tsopano chimaikidwa pa mazana asanu ndi atatu kapena kuposerapo, ndipo yambiri ilibe mayina. M'chaka cha 2005 ofufuza a ku America adakwatitsa mbuna ya nsagwada yaifupi yopalira ndere ndi ina ya nsagwada yaitali, ndipo poyang'ana zidzukulu zake adapeza kuti jini yotchedwa bmp4 ndi imodzi mwa zimene zimaumba nsagwadayo. M'chaka cha 2018 gulu lina, lotsogozedwa ndi akatswiri a ku Cambridge, lidawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73. Lidapeza kuti pa zilembo 1,000 zilizonse, mitundu iwiri imasiyana pa chilembo chimodzi, ziwiri, osafika zitatu. Lidapezanso kuti mitunduyi yakhala ikukwatirana mwa apo ndi apo, kotero kuti chilembo chothandiza chimatha kuwoloka kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake osadikira kuti chiphonyekenso mwatsopano. Nsomba za m'madzi akuya, monga ndunduma, zidaonetsa zizindikiro za kupetedwa pa majini a maso ndi a magazi onyamula mpweya, zinthu ziwiri zimene nsomba yokhala mumdima wa pansi pa nyanja imadalira.

Koma ngati zilembo zikusiyana pang'ono chotere, nanga matupi akusiyana bwanji kwambiri? Apa ndi pamene palowa phunziro lotchedwa epigenetics, dzina limene Conrad Waddington adalipanga m'chaka cha 1942, chaka cha lipoti lija la nsomba. Selo ya m'chiwindi ndi selo ya m'diso zili ndi DNA imodzimodzi, koma siziwerenga masamba amodzi. Pa ulusi uja pamamatidwa tizizindikiro ta mankhwala totchedwa methyl, timene sitisintha chilembo ngakhale chimodzi koma timatseka gawo lina kuti lisawerengedwe. Zili ngati aphunzitsi awiri okhala ndi buku limodzi, wina wachonga ndi pensulo mitu yoti aphunzitse, wina wachonga ina. Ana awo adzatuluka odziwa zosiyana. M'chaka cha 2021 ofufuza adayerekeza tizizindikiro timeneti m'chiwindi ndi m'minofu ya mitundu isanu ndi umodzi ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, napeza kuti timasiyana kwambiri, makamaka pa majini okhudza kagayidwe ka chakudya. Chaka chotsatira adayesa nsomba za m'kanyanja ka Masoko, kumwera kwa Tanzania, kumene mtundu umodzi ukugawika pawiri, wa m'madzi osaya ndi wa m'madzi akuya. Atalera ana a nsombazo m'matanki ofanana, tizizindikiro tambiri tidafufutika m'mbadwo umodzi, koma tina tidatsala.

Apa pafunika kusamala, pakuti anthu ena amathamangira kunena kuti epigenetics yagwetsa Darwin. Sizili choncho. Chochongedwa ndi pensulo chimafufutika msanga kuposa chosindikizidwa, ndipo nthawi zambiri malo amene pensulo ingachonge amalamulidwa ndi zilembo zomwezo. Chimene chikuoneka n'chakuti tizizindikiroti tingathandize nsomba kupirira pa malo achilendo m'mibadwo yoyamba, kufikira kusintha kwa zilembo kutapezeka ndi kupetedwa. Kuti gawo lake ndi lalikulu motani, akatswiri akadatsutsana.

Zonsezi zidatheka chifukwa wina adali atasiyanitsa kale nsombazo. Wowerenga DNA ayenera kuyamba walemba pa botolo dzina la nsomba imene wadulako chipsepse, ndipo mayina ambiri amene amalembedwa pamenepo amathera ndi mawu awiri, Trewavas 1935.

Za chambo chija nkhani yake siikoma. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi kukokera m'malo oswanira zidachepetsa chambo m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kumwera kwa nyanja ya Malawi kudatsatira. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi, lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu: squamipinnis wa Günther, karongae ndi lidole. Lidole amachedwa kukhwima, kotero ambiri ankakodwa asanaswane ngakhale kamodzi. Chiyambire chaka cha 1992, chaka chimodzi Mayi Trewavas asanamwalire, akatswiri sanamuonenso motsimikizika. Amene iwo adawayeza pomutcha dzina akadali m'mabotolo ku London.